Mmene Ndinavinira Chofulatira ku Madisi

Kalelo, wailesi zikadali kudya miyala, ndipo msewu wa ku Ntchisi ukadali woti mvula ikagwa dalaivala ankayamba watsanzikana ndi abale ake asanaulowe, kunalibe munthu kuyambira ku Dowa mpaka kumapiri kuno amene sankadziwa dzina loti Namondwe. Namondweyo ndi uyu wakhala pa chitsa uyu. Musandiyang'ane mawondo, mawondowa afooka dzana lomweli, ine ndikunena za chiuno. Iwe Fatsani, tabweretsa kafoni kakoko ndione anyamata amene mukuwasekererawo. Eya! Ndimadziwa ine. Waona mmene afulatirira anthu n'kumagwedeza kumbuyoku? Kavinidwe kameneko n'kanga. Ndinakayambitsa ndine, ku Madisi, masanasana, ndipo mpaka lero palibe amene anabwera kudzathokoza. Manja asaime, fodyayo azisokedwa, ine ndikungofuna makutu.

Ine sukulu ndinangoiona denga podutsa, koma chimene Mulungu anandimana m'mutu anandiunjikira m'chiuno. Pa ubatizo ananditcha Sipiliyano, ndipo amayi ankanena kuti ansembe atangondithira madzi ndinavina m'manja mwawo mpaka kuwagwetsa magalasi. Nditakula ndinalowa bandi ya anyamata a ku Mponela, ya mabanjo a zigubu ndi babatoni, chija cha chingwe chimodzi cholira ngati ng'ombe yosowa mwana. Iwo ankaimba, ine n'kumavina kutsogolo. Masiku ano woimba amangodina kabatani nyimbo n'kutuluka yokha, iye n'kumathamangathamanga pa siteji ngati waponda moto, koma ife tinkatuluka thukuta loti alimi ankabwera ndi zitini kudzatunga kuti akathirire nazale. Ukuseka chiyani Tiyamike? Funsa agogo ako a Nabanda, si awo akuswa mtedzawo. A Nabanda, ndikunama? Mwawamva, akuti, "Pitirizani, mphepo ikuwomba bwino lero." Kumeneko ndi kuvomereza.

Anthu otchuka amene makolo anu ankangowamva pa wailesi, ine ndinadya nawo mbale imodzi, ndipo ndikudziwa zimene wailesi sinkanena. Kunali chimphona china chotchedwa Mkokalole, chinkayenda m'misika kukoka lole ndi mano, anthu ali pamwamba. Munthu ameneyo ndinamuona ndi maso angawa akulira ngati khanda kuseri kwa sitolo ku Ntchisi Boma chifukwa cha thekenya limodzi pa chala, ndipo pomuchotsa ndi pini anandikumbatira n'kumaitana amayi ake. Kunalinso Dona Feliya, wa mawu oti akaimba amuna ankaiwala njinga zawo pamsika n'kubwerera kwawo wapansi. Dona ameneyo ankasuta chingambwe moto uli m'kamwa, ndipo akagona masana, amayi a m'midzi ankasenza matumba a chimanga kutsatira mkonono wake, poyesa kuti kwabwera chigayo chatsopano. Anandifunsira banja iyeyo, ine ndinakana. Agogo anuwo akuti Dona anangondituma machesi. Inde, ananditumadi machesi, koma mmene anandiyang'anira ponditumapo... basi, ndinu ana inu.

Koma wamkulu wa onse anali Kaputeni Nyenje, mwini gitala. Mawu ake akatuluka pa wailesi ankadzaza nyumba mpaka makoswe kugwa kudenga, ndipo aliyense ankaganiza kuti ndi chimunthu chotalika ngati bulugamu. Ayi ndithu! Kamunthu kofika m'khwapa mwangamu, katavala kale nsapato za gogoda. Tsitsi lambiri lija linali logula. Akalivula mutu unali see ngati dzira, ndipo ankalipachika pamsomali n'kumalipatsa moni m'mawa. Ndipo chinsinsi chachikulu, musakauze munthu, Kaputeni ankaopa nkhuku. Yophika ankadya mpaka mafupa, koma yamoyo ikangopendeketsa mutu n'kumuyang'ana ndi diso limodzi, munthu wamkulu thukuta kamukamu.

Tinadziwana pamatope. Galimoto yake inatitimira pafupi ndi Mponela, amuna a mudzi wonse anakankha n'kulephera, ndipo nditafika ine ndinati musatsike, khalani momwemo, n'kuinyamula kumbuyo ngati mtolo wa udzu. Pokankhapo injini inkalira gudugudu, chiuno changa chosamvachi n'kuyamba kutsatira. Kaputeni anasuzumira pazenera nati, "Achimwene, chiuno chimenecho munagula kuti?" Ndinati, "N'chobadwa nacho, bwana." Iye anati, "Muchisunge bwino, tsiku lina ndidzachifuna."

Kenako ndinaona a Nabanda akuimba kwaya kutchalitchi, ndipo Namondwe anasanduka kamphepo kayaziyazi. Ndinachoka kwathu ku Dowa kudzakhala chikamwini kuno kumapiri, ndi mphasa yanga, khasu langa ndi thalauza langa limodzi. Inu a lero chikamwini simuchidziwa. Lero mnyamata amawapatsa apongozi ake moni wa padzanja, kudya nawo pamodzi, mpaka kujambulitsa nawo atawakoleka dzanja m'khosi. Kale ukanafa! Mkamwini ndi apongozi aakazi sankayang'anana, ndipo sindikunena nkhope yokha ayi, thupi lonse: iwe suwaona, iwo sakuona. Mawu ankadzera mwa mkazi wako ngakhale nonse muli pakhomo limodzi. Mukakumana panjira wina ankapatukira kutchire, ndipo wopatukayo nthawi zonse unali iwe. Ine tsiku lina ndinapatukira m'chitedze, n'kukhala chete mmenemo kudikira kuti adutse, koma iwo n'kuima pomwepo kucheza ndi mnzawo za matenda a nkhuku. Gule amene ndinavina iwo atachoka, abusa a ng'ombe akumukumbukirabe.

Apongozi angawo, a Nankhoma, Mulungu awasunge kumene aliko, anali mayi wamfupi wa mawu ochepa, koma akatsokomola ngakhale agalu ankakhala pansi mwaulemu. Za kuvina sankafuna kumva. Chaka choyamba ndinazemba kukavina paukwati, fodya amene ndinathyola n'kuwolera pamulu wosasokedwa, ndipo mawu anabwera kudzera mwa a Nabanda: "Amayi akuti kuno tinaitana mlimi, sitinaitane nguli. Akuti mukadzasiyanso fodya chifukwa cha gule, mudzapeza mphasa ndi khasu zili panja, muzidzabwerera ku Dowa." Ndipo musaganize kuti kunali kuopseza chabe. Mkamwini kalelo munda sunali wake, nyumba yomanga yekha sinali yake, ngakhale mwana wobereka yekha ankatsala ndi eni mbumba. Akakuchotsa unkachoka mmene unafikira.

Ndiye chaka chotsatira, nyengo ngati inoyi, fodya atakhwima m'munda moti masamba ankachita kukuitana dzina, a Nabanda ali ndi pakati pa mayi ako iwe Fatsani, kunabwera wogulitsa usipa pa njinga. Anandikokera kuseri kwa chigafa cha fodya nati, "Kaputeni Nyenje aimba ku Madisi Loweruka masana, ndipo akuti akufuna chiuno chija." Ana inu, tsiku lomwelo msana wanga unayamba kuwawa. Unawawadi, musandiyang'ane choncho. Msana wa wovina ukamva gitala ali kutali umatupa.

Pofika Lachisanu ndinkayendera ndodo, ndikubuula kuti mudzi wonse umve. A Nabanda anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"A Phiri, msana umenewu wayamba liti?"

"Ndi wakalekale, Nabanda, ndimangopirira. Mawa ndilawirira kuchipatala ku Mtengowanthenga."

"Nanga wausipa uja amakuuzani chiyani kuseriko?"

"Za mankhwala a msana."

"Ndevu mwameta chifukwa cha msana womwewo?"

"Ukhondo, mayi. Ndikaonekere adokotala ngati tchire?"

"Chabwino," anatero a Nabanda. "Koma muzikumbukira mphasa."

Mwayi wake apongozi kunalibe, anali atapita kukacheza kwa mng'ono wawo. Kuti mng'ono wawoyo ankakhala kuti, ine sindinafunse. Mkamwini angafunse bwanji kumene apongozi akupita?

Ndinatsika mapiri ndikutsimphina mpaka mudzi utabisika, n'kuponya ndodo, n'kukwera lole ya matabwa. Pa Mponela paja msewu umagawika, kumanzere ku Mtengowanthenga, kumanja ku Madisi. Ine mtima wanga wonse unalunjika kumanzere, Mulungu ndi mboni, koma miyendo inakana, ndipo sindikanalimbana ndi miyendo yanga pagulu, anthu akanati ndapenga.

Ku Madisi kunali khamu loti nthaka inachita kutsika pang'ono. Holo inadzaza, ena pamazenera, ena m'mitengo, njinga zitaunjikana mpaka kutseka msewu. Ndinazungulira kuseri, ndipo ndinapeza Kaputeni atakwera pamwamba pa chimkuzamawu, gitala kukhosi, tsitsi litapendekeka, pansi pali agogo ena atagwada, akumuninkha tambala wamoyo wa mphatso.

"Landirani bwana, ndi wonona," anatero agogowo.

"Zikomo amayi, zikomo kwambiri, mpatseni uyo! Namondwe, m'bale wanga, chotsa chilombocho!"

Ndinalandira tambala n'kukamumangirira kumtengo. Kaputeni anatsika, anawongola tsitsi, n'kuwauza agogowo kuti oimba enieni amakwera pamwamba kuti amve ngati gitala wakhwima. Kenako ndinamufotokozera vuto langa.

"Bwana, ine pano palibe. Ine ndili ku Mtengowanthenga, ndagona pabedi. Dzina loti Namondwe lisatuluke pakamwa panu."

Anaseka mpaka kugwira tsitsi kuti lisagwe. "Usadandaule. Lero ndiwe Mkongo. Chichewa sudziwa, sulankhula ndi munthu."

Anandiveka chipewa, magalasi akuda ndi jekete lake lofiira lonyezimira, koma poti jeketelo linali la kamunthu kakang'ono, kwa ine linathera m'nthiti. Thalauza limene anandibwereka linakanirira m'mawondo, ndiye ndinatsala ndi langa lomwe lija. Tsono thalauza langalo linali litang'ambika kumbuyo, ndipo a Nabanda analiika zigamba ziwiri zodula ku chitenje chakale cha amayi awo, chimene malemu apongozi aamuna anabwera nacho kuchokera ku Halale. Chitenje chimenecho chinali cha zithunzi za maketulo, ndipo m'Ntchisi monse munalibe china chotero. Ndiye ketulo imodzi inakhala uku, ina uku, milomo itayang'anana. Ine sindinadandaule nazo. Ndinati anthu aziona kutsogolo, zakumbuyo aziona woimba ng'oma yekha.

Gitala analira, holo inagwedezeka, ndipo Kaputeni anakuwa, "Amayi ndi abambo! Wochokera ku Kongo pa ndege, wosadya china koma mchira wa ng'ona, Mesiye Lokole!" Ndinatuluka kuseri kwa nsalu ndi mayendedwe anga a kambuku, phazi ili, phazi ilo, n'kukweza maso kuti ndione anthu anga. Mayo ine! Pabenchi yoyamba yeniyeni, poti nditatambasula dzanja ndikanawakhudza, a duku lobiriwira limene ndinkaliona litayanikidwa pakhomo pathu, apongozi! Kani mng'ono wawo uja anakwatiwa ku Madisi, ndipo iye ndi anzake ndi amene anaphikira oimba, n'kupatsidwa malo akutsogolo pamodzi ndi mlendo wawo. Chimene chinandipulumutsa n'chakuti nthawi imeneyo anali atawerama, akuchotsa kamwala m'nsapato.

Ana inu, thupi la mkamwini silinkadikira mutu. Ndisanaganize n'komwe ndinali nditatembenuka kale, nkhope kwa woimba ng'oma, msana kwa anthu. Tchire lopatukirako panalibe. Khomo linali kutsogolo, pafupi ndi iwo, ndipo njira yobwerera kunsalu Kaputeni anali ataitseka ndi gitala.

"Tembenuka iwe!" anandinong'oneza, zala zikuimbabe.

"Sindingathe, bwana. Apongozi."

"Ati?"

"A duku lobiriwirawo."

"Ndiye wati uwalozetse matako?"

"Nanga ndiwalozetse nkhope? Ndinaleredwa ine, bwana."

"Vina choncho basi, anthu akudikira!"

Ng'oma inali itandilowa kale m'mafupa. Ndinati poti nkhope yatsekedwa, manja atsekedwa, ntchito yonse igwiridwe ndi kumbuyo. Ndinayamba pang'onopang'ono ngati mayi akupeta mpunga, kenako ngati akusefa ufa, kenako ndinamasula zonse. Chimene chinachitika m'holo imeneyo ngakhale ine ndinangochimva ndi makutu, poti sindinkaona. Mabenchi anathyoka. Amene anali m'mitengo anagwa ngati mango. Bambo wina amene anabwera atanyamulidwa pamachira ananyamuka n'kunyamula amene anamunyamulawo. Jenereta inazima pakati pa nyimbo, koma magetsi anapitiriza kuyaka, ankachokera kwa ine. Ndipo Kaputeni, pakati pa mavesi, ankandiuza nkhani za kumbuyo kwanga.

"Akuomba m'manja apongozi ako."

"Musaname, bwana."

"Aimirira. Akugwedeza mapewa. Iwe, akululutira!"

Ndikanakhala wina ndikanabweza moto, koma ine kumva kuti a Nankhoma, mayi woti agalu amamuopa, akundilulutira, ndinawonjezera. Ndinawerama pang'ono, kajekete kanakwera, zigamba zinaonekera bwinobwino, ndipo uku ikakwera uku ikutsika, moti zinkaoneka ngati ketulo ina ikuthirira inzake. Kaputeni, wosadziwa kanthu, anakuwa pa chimkuzamawu, "Onani maketulo a ku Kongo! Tiyi wapsa, bweretsani makapu!" Holo yonse inagwa ndi phwete. Koma patapita kanthawi mawu ake anabwera otsika.

"Namondwe, asiya kuomba m'manja."

"Akutani?"

"Asendera pafupi. Akuyang'anitsitsa. Agwira pakamwa. Adziphimba kumaso ndi duku... akutuluka, akugunda mabenchi."

Nyimbo itatha ndinachoka pa siteji cham'mbali ngati nkhanu. Kuseri Kaputeni anandikumbatira m'chiuno, poti ndi pamene ankafika. "Zimenezi sindinazionepo chibadwire! Tiye nane kutauni lero lomwe. Mphasa yako ili panja kale, ukubwerera kukatani? Ndikugulira masuti, udzakwera ndege, udzadya ndi foloko." Ndinamuyang'ana pamwamba pa tsitsi lake logulalo ndinati, "Bwana, m'ndegemo mulibe Nabanda." Anapukusa mutu, nandipatsa tambala uja. Musati ndi chifundo ayi, ankangofuna kuti achoke.

Ndinafika kuno Lamulungu masana, ndikutsimphina ndi ndodo ina yothyola panjira, tambala kukhwapa. Mphasa ndi khasu zinali panja, zitatsamira nkhokwe. A Nabanda anali pakhonde, maso ali psuu.

"Adokotala akupatsani tambala?"

"Akuti ndizimwa msuzi wake."

Sanaseke. "A Phiri, amayi afika m'mawa. Sanadye, sanalankhule, angotulutsa katundu wanu n'kutumiza uthenga kwa ankhoswe." Anagwira pamimba. "Uyu adzakudziwirani kuti?"

Ana inu, chibadwire chiuno changa chinali chisanakhalepo chete, ngakhale m'tulo, koma tsiku limenelo chinazizira ngati mwala wa kumtsinje. Ndinagona m'chigafa muno, pansi pa fodya, kudikira ankhoswe.

Wa kwathu anali atsibweni anga a Gelevazio, munthu woonda wa diso limodzi lotsinzina, woti akayamba kukufunsa mafunso unkayamba kukayika ngati unabadwadi. Wa kuchikazi anali a Lufeyo, mlongo wawo wa apongozi, munthu wabwino koma wochedwa kumva. Tinakhala m'mawa pansi pa mtengo wa mango uwo. Apongozi anakhala chofulatira kuyang'ana kuphiri, ine chofulatira kuyang'ana kudambo, ankhoswe pakati, a Nabanda chapatali. A Lufeyo anayala nkhani: mkamwini wanama kuti akudwala, wasiya fodya, wakavina ku Madisi, ndipo alongo awo amuona okha. Anyamule mphasa.

Atsibweni anaomba m'manja mwaulemu. "Pepani amayi, ife sitikukana. Mwana wathu timunyamula lero lomwe. Koma kwathu akatifunsa, tikayankhe zoona. Ku Madisiko, wovinayo anamutchula kuti Sipiliyano?"

"Anati Mkongo," anatero apongozi, akuyankhula ndi phiri. "Koma si Mkongo."

"Analankhula? Mwina munamva mawu ake."

"Sanalankhule."

"Ndiye kuti nkhope. Munamuyang'ana nkhope mkamwini wanu."

"Ine? Ndiyang'ane nkhope ya mkamwini? Mukundiyesa wopenga? Chibwerereni pamudzi pano nkhope yake sindiidziwa! Ndiponso anali atafulatira, kuyambira poyamba mpaka pomaliza."

"Eya, atafulatira. Pamenepo mwatithandiza, amayi. Dzina ayi, mawu ayi, nkhope ayi." Atsibweni anafwenkha fodya wa m'mphuno, n'kuyetsemula mosafulumira. "Nanga poti munthuyo anafulatira, inu munamuzindikirira pati?"



"Nenani alongo, musaope," anatero a Lufeyo. "Munaona chiyani?"

"Ndinaona..." Apongozi anatsokomola, koma ulendo uno ngakhale galu sanakhale pansi. "Ndinaona ma..."

"Tikumva, amayi," anatero atsibweni. "Mutiuze pamene munayang'ana, ndiponso ngati munangoti mwaziona kamodzi kapena munakhalitsapo."

Mukuona pamene panali nkhani? Kuti atchule maketulo, kunali kuvomera pamaso pa mlongo wawo, mwana wawo ndi alendo kuti iwo, a Nankhoma, mayi wotsogolera anzake kutchalitchi, anakhala masana onse maso ali pa matako a mkamwini, akuomba m'manja, mpaka kusendera pafupi kuti aone bwino. Dzuwa lisanalowe nkhani ikanafika kuchitsime, Lamulungu ikanafika kukwaya. Ine ndikanapita ku Dowa, inde, koma iwo akanapita kuti?

"Kapena tiitane mng'ono wathu wa ku Madisi adzachitire umboni?" anafunsa a Lufeyo, pofuna kuthandiza.

"Ayi! Musiyeni, ali ndi chimfine."

"Nanga tsono alongo?"

 Apongozi anakonza duku, nati ndi mawu aang'ono, "Mwina anali Mkongo ndithu. Anthu akumeneko amafanana ndi a ku Dowa."

"Amafananadi, amayi," anatero atsibweni. "Makamaka chakumbuyo."

Ndinamva a Nabanda akusisima, ndinati mkazi wanga akulira ndi chimwemwe. Nditacheuka ndinapeza aluma chitenje, mapewa akugwedezeka, misozi ya phwete ili mbwembwembwe. Ananyamuka, anatola mphasa yanga n'kulowa nayo m'nyumba. Khasu analisiya pomwepo, analoza nalo kumunda.

Ndikuwaperekeza atsibweni, titafika pamtsinje, anandikwapula ndi ndodo pa maketulo penipeni. "Mbuzi iwe! Ukadzabwerezanso ndidzakunyamulira mphasa ndine." Kenako anayang'ana uku ndi uku, diso lija litatsinzina. "Tandionetsa pang'ono, unkachita bwanji?"

Nditabwerera pakhomo ndinapeza a Nabanda asonkha moto panja, chiguduli chili pambali.

"Amayi akuti iwo sanaone kanthu."

"Inde, ndi mayi woona mtima."

"Akuti poti sanaone kanthu, thalauzalo muvule liwotchedwe."

"Nabanda, ndi lokhali!"

"Akudziwa."

Linayaka ndi moto wobiriwira, ndipo utsi wake unavina mpaka kumwamba, anthu a ku Ntchisi Boma anauona. Fodya yense wa chaka chimenecho ndinathyola, ndinasoka, ndinapachika mpaka kudinda mabelo nditavala chiguduli choboola, ndipo thalauza latsopano linabwera fodya atagulitsidwa, losankha apongozi, lakuda, lalikulu loti munkalowa ine ndi mbuzi, kuti ngakhale ndigwedeze bwanji kunja kusaoneke kanthu. Wovina wa chiguduli ndani angamuitane? Ntchito yanga inathera pamenepo. Kaputeni anakaphunzitsa anyamata ena kutauni kuvina chofulatira, gule anawoloka malire, mpaka Akongo enieni anayamba kunena kuti ndi wawo, ndipo lero wabwerera kudzera m'kafoni ka Fatsani, wopanda ngakhale ketulo imodzi.

Ukufunsa ngati ndimadandaula, Tiyamike? Ndidandaule chiyani? Ndikanakwera ndege ija, inu nonse mwadzaza chigafa chino mukanachokera kuti? Tsono mverani, adzukulu anga. Vinani, mafupa akadali ofewa, ndipo amene Mulungu anamupatsa mphatso asaikwirire. Koma muyambe mwapachika fodya, ndipo amene anakuberekerani mkazi kapena mwamuna muziwaopa ndithu, ngakhale masiku ano mukudya nawo pamodzi. Ine ulemu unandiika m'mavuto, ulemu womwewo n'kunditulutsa, chifukwa apongozi anga anali ndi manyazi. Anu a lerowa adzakujambulani pa foni, n'kuwaonetsa ankhoswe, n'kubwezanso kuti aonenso pamene sanaone bwino.

Mwati bwanji a Nabanda? Akuti chiguduli chinkandikhala kuposa thalauza. Mwamva inu? Mpaka lero mayiyu akundifunsirabe. Tiyeni, kwezani mikangala ya fodya wosokayo mvula isanabwere, ine ndikanakuthandizani, koma msanawu wayambanso.